Manambala a a Tcheya

A Overtone anamva nkhaniyi pa wailesi ya m'galimoto, ndipo anailandira ngati awaveka mendulo. Kampani ya mafoni imene iwo ankagwiritsa ntchito inali itatengeredwa kukhoti. Akuti inkapereka kuboma, popanda chilolezo cha woweruza, zonse za makasitomala ake: waimbira ndani, foni yake yagona kuti, kutacha yalowera kuti. Maloya ankaitana aliyense wokhudzidwa kuti alowe nawo pamlanduwo.

Lamlungu, mapemphero atatha m'kaholo kathu ku Bradford, kuno ku dziko la Angelezi, anaimirira n'kumanga batani la jekete. Iwo ndi wapampando wa bungwe lathu lothandizana pamaliro, ndipo dzina la ubatizo analisiya kalekale. Amayankha ukati a Tcheya. Anatiuza kuti ankadziwa kale kuti boma limawamvetsera, pakuti munthu wotsogolera anthu sangalankhule boma n'kukhala osatchera khutu. Foni yawo, anatero, imachita kaphokoso akamakamba nkhani zikuluzikulu. Ife tinkadziwa kuti inagwerapo m'bafa, koma tinawomba m'manja.

Asimenye yekha sanawombe.

Mtsikanayu anathawa kumudzi ali ndi chipsera pakhosi, ndipo pempho lake loti akhale kuno linali lisanayankhidwe. Munthu wotere saloledwa kugwira ntchito. Foni ya kontirakiti sangaipezenso, nchifukwa chake a Tcheya, monga amachitira ndi aliyense wofika kumene, anamutengera nambala m'dzina lawo. Ndi mwambo wathu kuno: wamapepala amabereka wopanda mapepala. Tsono foniyo inkakwera naye basi m'mawa uliwonse kupita ku Shipley, kwa mayi wina wokalamba wachingelezi amene Asimenye ankamusambitsa ndi kumuphikira mwakachetechete. Boma litadziwa zimenezi, pempho lake likanathera pomwepo, iye n'kukwezedwa ndege kubwerera kwa amene anamusiyira chipsera chija.

Pakati pa sabata a Tcheya anakaonana ndi loya, mayi wotchedwa Shirley, ndipo anabwerako atatupa. Loyayo anawauza kuti khoti lidzalamula kampani kutulutsa mbiri ya manambala onse a m'dzina lawo, ndipo maloya a mbali zonse, a boma omwe, adzaiwerenga. A Tcheya anamvapo mawu amodzi okha, akuti mbiri yawo ikawerengedwa kukhoti.

Atamva zimenezi, Asimenye anasiya kudya. Foniyo anaikulunga m'chitenje n'kuiika pansi pa sutikesi, kenaka anaitulutsa poopa kuti kukhala chete kwake kungakayikitsenso. Galimoto yoyera ikaima mumsewu mwawo, ankangoti a boma abwera kudzamutenga. Koma kuuza a Tcheya kuti asiye mlandu sakanatha. Mwana sauza munthu wamkulu kuti wakhota, makamaka amene anamupezera pogona. Anachita zimene aliyense woleredwa bwino akanachita: anadzera kukhitchini.

Mayi Constance, akazi awo a Tcheya, ndi namwino, ndipo anali atangofika kuchokera kuchipatala, mapazi ali m'beseni. Asimenye anakhala pansi pafupi ndi firiji, napereka moni wautali, nafunsa za ana, nayamikira makatani. Mayiwo anamuleka mpaka makatani atatha.

"Nena, mwanawe. Sunabwerere makatani."

Ananena zonse, maso ali pa matailosi.

Pa chakudya cha masana Loweruka, Mayi Constance anawagawira amuna awo nyama yabwino, n'kuwafunsa mofatsa kuti kodi manambala a m'dzina lawo alipo angati. A Tcheya anati ndi ambiri ndithu, mtsogoleri sawerenga ana ake.

"Ndiye pamaso pa woweruza onsewo ndinu," anatero mayiwo. "Ndinu amene mumatsuka magalimoto ku Bolton pa nambala imene munatengera Ken uja. Ndinunso mumalowa m'nyumba ya mayi wamasiye ku Shipley m'mawa uliwonse n'kutuluka madzulo. Mukafotokoze bwino, bambo, ine ndidzakhala pabenchi yakutsogolo."

A Tcheya anasiya kutafuna. Anati akanena zoona, kuti mafoniwo anabwereketsa.

"Akakufunsani kuti kwa ndani. Mukawatchula mmodzimmodzi, inu mwini, mutavala jekete lanulo."

Kenaka a Tcheya anafunsa, ndi mawu ang'ono amene sitinawamvepo kuholo, ngati wobwereketsa nayenso amamangidwa. Mayiwo anati sakudziwa, iwo ndi namwino.

Lamlungu lotsatira a Tcheya analengeza kuti, atalingalira mozama, aona kuti munthu wa msinkhu wawo sayenera kukokanakokana ndi boma la eni dziko. Tinawombanso m'manja, ena mwamphamvu kuposa poyamba. Koma tonse tinkadziwa chimene palibe anachitchula: kusiya mlandu sikubweza zimene kampani inapereka kale. Mwina zili m'kompyuta ina, palibe wazitsegula. Mwina wina anazitsegula dzulo.

Anthu atabalalika, Mayi Constance anamukokera Asimenye kuseri kwa mipando n'kutambasula dzanja. Anati kuyambira lero foniyo ndi yawo, ndipo wofunsa adzauzidwa kuti inali yawo kuyambira kale. Namwino kukaona nkhalamba si mlandu. Koma ku Shipley asapondekonso mpaka pempho lake litayankhidwa.

Asimenye anafunsa kuti nanga gogo uja amusambitsa ndani. Mayiwo anangoponya foniyo m'chikwama, pakati pa Baibulo ndi mabisiketi.

Awiriwo anali asanafike pa siteji ya basi pamene chikwamacho chinayamba kulira. Mayi Constance anasuzumira, n'kumuonetsa Asimenye dzina la woimbayo. Anali gogo wa ku Shipley, amene akaimba sayamba ndi moni, amayamba ndi kufuula dzina la Asimenye, katatu, kuti amve bwino.

Dzanja la Asimenye linanyamuka lokha. Mayiwo analigwira, nalitsitsa, osalisiya. Anaima choncho m'kamvula kaja, akazi awiri akuyang'ana chikwama, mpaka foniyo inatopa. Basi itatulukira pakona, foniyo inayambanso kulira.