Mswaki wa Bambo Abasi

Foni inalira Rahila atanyamula dengu la zovala za malemu bambo ake, a Abasi. Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro, ndipo amayi ake anali atalamula kuti zovala zonse zichapidwe m'mawa womwewo, zikaperekedwe sadaka kumzikiti.

Woimbayo anali a Liness, loya wa mchimwene wake Nasiru. Nasiru anali atakhala kundende zaka zisanu ndi zinayi pa mlandu wopha wogula mpunga wina, amene anapezeka atabayidwa m'munda mwawo. Umboni unali malaya otayidwa kuseri kwa nkhokwe, okhala ndi magazi a wophedwayo ndi a munthu amene anadzicheka pomubaya. Wopima wa nthawiyo anati magaziwo ndi a gulu la Nasiru. Khoti linakhutira, ngati kuti theka la Nkhotakota silili m'gulu lomwelo.

Tsopano malaya aja anali atapimidwanso kunja kwa dziko, nthawi ino poyang'ana DNA. A Liness anapepesa maliro kaye, kenaka n'kunena zotsatira: magazi sanali a Nasiru, koma a mwamuna wachibale wake wapafupi kwambiri. Kuti khoti lisazengereze, pankafunika kudziwa mwini wake.

"Kodi pali chimene bambo ankaika m'kamwa chimene sichinatsukidwe?" anafunsa motsitsa mawu.

Nasiru analibe mchimwene, analibe mwana. Bambo anaikidwa m'manda tsiku lomwe anamwalira, swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, isanakwane, ndipo palibe akanalola kuwafukula. Rahila anakumbukira chipsera cha m'dzanja lawo lamanja, chimene ankati anadzicheka podula mpunga.

Kuseri kwa nyumba, amayi anali atasungunula kale sopo m'beseni. Rahila anawauza zonse ataimirira, dengu likadali m'manja. Iwo sanadabwe, ndipo zimenezi zinamuopsa kuposa foni ija.

"Tula dengulo," anatero.

"Amayi, mswaki wa bambo wotsukira mano uja uli kuti? Pazenera palibe."

"Ukufuna atiotchere nyumba? Abale a wophedwa uja anali pano dzana, anyamula nawo maliro a bambo ako pa jeneza. Akufa sayankha mlandu, mwanawe. Timayankha ndife otsala."

"Nanga achimwene?"

Amayi anayang'ana kumsewu, kumene njinga za kabaza zinkadutsa, ngati kuti wina wamva kale. Anati Nasiru wapirira zambiri, zotsalazo Allah adzamupepuzira. Mawuwo anawatuluka mofulumira, ngati mawu amene akhala akudziuza okha kwa zaka. Kenaka anayamba kupisa m'matumba a zovala, chimodzichimodzi, n'kumaziponya m'madzi. Rahila ankangoyang'ana thovu likumeza kolala iliyonse, chipewa chilichonse.

Inatsala kanzu yoyera, mkanjo wa bambo wa Lachisanu. Dzanja la amayi linalowa m'thumba la pachifuwa, n'kuima. Anatulutsa envulopu ya khaki, yomata, yokhala ndi kanthu kolimba ngati kamtengo m'kati. Iwo sankadziwa kuwerenga, koma zilembo zopendama za amuna awo ankazidziwa.

"Alemba chiyani?"

"Alemba kuti, 'A Liness. Musatsuke.'"

Rahila anakumbukira tsiku limene loyayo anabwera koyamba, chaka chatha, n'kufotokoza pakhonde kuti malovu ouma pa mswaki amatha kutchula mwini wake, bola asungidwe m'pepala, osati m'pulasitiki. Bambo anakhala chete tsiku lonselo, akuwerenga mikanda ya tasbihi. Aliyense ankaganiza kuti sakumvetsa za sukuluzi.

Amayi anaigwira envulopuyo pamwamba pa beseni. Dontho la thovu linkatsetsereka pachala kulunjika papepala.

"Akadziwa, tithawira kuti?" ananong'ona.

"Sindikudziwa, amayi."

Amayi anasinthira envulopuyo ku dzanja louma, n'kupukuta lonyowalo pachitenje, n'kumupatsa mwana wawo osamuyang'ana.

Rahila anaitembenuza. M'makona munali mutaperepeseka, pepala litafewa ndi thukuta. Pansi pa dzina la loya panali deti la chaka chatha, lokhwatchidwa. Pansi pake panali lina, lokhwatchidwanso, ndi lina, ndi lina, onse a Lachisanu. Lomaliza linali la sabata yatha, ndipo limenelo sanalikhwatche.