Dzina la Filomena Panalibe

Filomena anali pamzere kuchigayo kwa Mavwere pamene wailesi inalengeza kuti khoti lapeza namwino wina wolakwa pa mlandu wopha makanda asanu ndi awiri m'chipatala.

"Ameneyo anyongedwe basi!" anakuwa mayi wina.

"Ine ndikachirira kwa azamba, kuchipatala ayi," anatero wina woyembekezera.

Zaka ziwiri zapitazo mwana wa Filomena wamasiku anayi anamwalira m'chipatala chomwecho, m'wodi ya namwinoyo, chonsecho m'mawa mwake anali atayamwa bwinobwino. Apongozi ake anati iye ndiye anamusempha mwanayo, ndipo mwamuna wake Fanuel anamusiya n'kupita kukalowa utenanti kuesiteti.

Filomena anasungitsa chimanga chake kwa mnzake, nakwera matola opita ku boma.

Kukhoti, atafotokoza za mwana wake, kalaliki anamumvera chisoni, namuwerengera pang'onopang'ono mayina a amayi a makanda aja. Lake panalibe.

"Werenganinso, bambo."

Kalalikiyo anawerenganso. "Awa ndi okhawo amene umboni wake unapezeka, mayi. Za ana enawo palibe angadziwe."

"Nanga apongozi anga ndikawauze chiyani? Kuti ndine, kapena ndi namwinoyo?"



Filomena anatuluka, nakhala pakhonde, koma sanakhazikike. Anthu ena anabalalika akukambirana za chilango cha namwinoyo, iye akuzungulirabe pabwalo la khoti, akuimitsa aliyense wonyamula mafayilo ndi kumufunsa ngati kulibe pepala lina la mayina.