Woyera Wachisanu ndi Chiwiri

Nkhaniyi ndinaitola kwa Firmin, mmisiri wosema miyala, tikuusa mvula m'khola la akavalo panjira yopita ku mzinda wa Reims. Panali patapita zaka makumi atatu chichitikire zimenezi.

Ali mnyamata, Firmin anathawa usilikali, ndipo apolisi anali ndi kalata yofotokoza mphuno yake yokhota. Anakabisala pakati pa amisiri okonza tchalitchi chachikulu mumzinda wina wakutali.

Tsiku lina kunabwera a Gaudry, otumidwa ndi boma kudzajambula khomo lalikulu lisanakonzedwe. Anaimika bokosi lawo lojambulira zithunzi, la miyendo itatu.

"Tichokepo, bwana?" anafunsa kapitawo wa amisiriwo.

"Gwirani ntchito. Galasi langa limachedwa kuona. Woyendayenda satuluka, limagwira chokhacho chimene chaima."

Firmin sanamve, anali pamwamba pa nsanja. Chimene anaona ndi wapolisi akudutsa pabwalo. Analowa m'phako la khoma lopanda kanthu, pambali pa ziboliboli za oyera mtima za pakhomo lija, thupi lonse lili mbuu ndi fumbi la njereza, n'kuima nji, osaphethira.

Atatsika anapeza amisiri ataunjikana pa galasi lomwe panatuluka chithunzicho, likadali lonyowa ndi mankhwala.

"Bwera kuno, Mphuno!" anafuula kapitawo akuseka. "Tonsefe tasowa, iwe wekha watuluka. Uzikatipempherera, woyera iwe! Chikapachikidwa ku Paris chithunzi chimenechi."

Wapolisi uja anamva phokoso, n'kubwera.

"Khomo ili lili ndi oyera asanu ndi mmodzi chibadwire changa," anatero akuwerama. "Wachisanu ndi chiwiriyu wachokera kuti? Tandionetsani bwino nkhope yake."

Firmin anabisa mphuno m'kansalu kopukutira thukuta. A Gaudry anamuyang'ana, anayang'ana wapolisi, kenako anakweza galasi kudzuwa. Chala chawo chachikulu chinatsetsereka pamankhwala onyowawo, ndendende pankhope ya woyera wachisanu ndi chiwiriyo.

"Mayo ine! Ndaononga. Manja aukalamba, achimwene, mundikhululukire. Tiyambirenso." Anatembenukira kwa Firmin. "Iwe, usandiimire pano ngati chitsa. Tenga wilibala, uziyenda. Usaime mpaka nditanena."

Firmin anakankha wilibala kudutsa pabwalo, anakhota kuseri kwa tchalitchi, anaisiya pamenepo. Jekete lake ndi zosemera zake sanazibwerere.

"Nanga a Gaudry ananena liti kuti muime?" ndinamufunsa.

"Sananene."

Kunja kunamveka ziboda za akavalo. Firmin ananyamula kathumba kake n'kutulukira kukhomo lakumbuyo, mvula isanakate.