Sayireni Padenga la Mkazi Mnzanga

Amuna anga atapuma pantchito yoyendetsa ambulansi, ndinati basi, tsopano munthu ndamupeza. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinkalimbirana mwamuna ndi odwala a eni ake, ndiye ndinkaganiza kuti tizikhala pakhonde awirife n'kumakangana zazing'onozing'ono ngati anzathu. Ha! Mwezi usanathe n'komwe, thirakitala inalowa pabwalo ikukoka chiphapha cha ambulansi yakalekale, yamphuno yaitali, matayala onse ophwa, mkati mukununkha zitosi. Anaigula pamene chipatala chinkagulitsa zitsulo zakutha.

"Ndi yoyamba imene ndinayendetsa," anatero, uku akuisisita pachitseko. Ine ndinayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anandisisita choncho, ndinalephera.

Ndinaitcha mkazi mnzanga, ndipo sindinkaseka ayi. Mpango wanga wabwino unasanduka chopukutira magalasi. Beseni langa lochapira linadzaza mabawuti onyikidwa m'palafini. Chaka chathunthu ndinkacheza ndi miyendo yawo yokha, thupi lonse lili pansi pa galimoto. Ukawafunsa za denga la kukhitchini limene likudontha, yankho lake, "Tandipatsira pulayala." Komabe chitsulo ndi chitsulo, ndinapirira. Zinafika pondipweteka zenizeni pamene kunatulukira anesi.

Anesiwa ankayenda ndi amuna anga m'galimoto yomweyi kuyambira ali mtsikana, iwo kumbuyo ndi wodwala, amuna anga pachiwongolero. Amuna awo anamwalira kalekale. Ndi munthu waukhondo, wolankhula motsitsa, wa mtundu uja woti ukafuna kudana naye umasowa pogwira. Loweruka lina m'mawa anafika atanyamula chinthu chokulunga m'thawulo ngati khanda. Atavundukula, sayireni! Yachitsulo, yolemera, yopukutidwa mpaka kuwala.

"Ndi yake yeniyeni, adalaivala," anatero anesi. "Itapsa, a kugalaja anaitaya, ine ndinaitola. Wamagetsi wina wandikonzera sabata yathayi."

Amuna anga anangokhala pansi pa tayala lakutha, maso atalengeza misozi. Bambo amene sanagwetse msozi pamaliro a mayi awo owabereka, lero akulirira sayireni! Ine nsanje inandigwira, ndisabise. Ndi mkazi wanji amene amasunga chitsulo chakupsa zaka makumi atatu ngati palibe chimene akukumbukira? Ndinali nditakwatiwa ndi munthuyu moyo wanga wonse, koma mwina theka lake linali kwa wina.

Kumanga sayireni padenga si ntchito ya munthu mmodzi. Mabowo anayi akale analipo, otsekedwa ndi phula, ndipo amuna anga anawatsegula ndi msomali. Wina amayenera kukhala pamwamba, kuika mphira kuti mvula isamalowe, n'kumapota mabawuti. Wina amakhala mkati, atagwira nati ndi sipanala kuti isazungulire. Vuto ndi lakuti denga lake n'lochindikala, wapamwamba ndi wamkati samvana mawu.

"Anesi, talowani mundigwirire," anatero amuna anga akukwera makwerero, osandicheukira n'komwe.

Ine ndinangoima poteropo ndi thireyi ya tiyi m'manja. Ntchito inayamba, ndipo palibe amene ankalankhula. Anesi akagogoda denga kawiri, amuna anga ankapota pang'onopang'ono. Akagogoda katatu, ankafulumira. Bawuti yoyamba inalowa, yachiwiri inalowa, popanda wina kufunsa mnzake kanthu. Kenako anesi anagogoda katatu mwachipongwe bawuti yachiwiriyo italimba kale, ndipo amuna anga padenga paja anaseka chikhakhali chimene ndinali ndisanachimve m'nyumba mwanga chaka chonsecho. Ndiye kuti anthu awiriwa anali ndi chinenero chawochawo, ine mwini mwamuna osadziwako ngakhale liwu limodzi.

Ndinatsitsa thireyi pansi mpaka makapu anagundana. Ndinakwera m'galimoto muja.

"Anesi, tulukani mukamwe tiyi. Manja ndili nawo inenso."

"Mayi, sipanalayi imaterereka, ikufuna kuizolowera."

"Ndati ndipatseni. Galimotoyi ili pabwalo panga."

Anandipatsa osatsutsa, koma sanatuluke, anangokhala pa benchi yam'mbali. Ndinaima pa bedi la odwala n'kugwira nati yachitatu. Amuna anga, osadziwa kuti mkati mwasintha munthu, anapota ndi mphamvu zawo zonse. Sipanala inathawa n'kundipanira chala kudenga. Mayo ine! Ndinamenya denga ndi chibakera, kamodzi, mwaukali.

Kumwamba kunangoti zii. Ndinamva sipanala yawo ikugubuduka padenga n'kugwera pansi, kenako makwerero akugwedezeka. Munthu wa mawondo opweteka anatsika ngati mnyamata. Anatsegula chitseko chakumbuyo nkhope itasinthiratu.

"Wagogoda kamodzi ndani?"

Atandiona nditaima pabedi paja, chala chili mkamwa, anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatembenuka n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

"Ndiye ndalakwa chiyani pamenepa?" ndinawafunsa anesi mokalipa. "Kapena nanenso ndikalembetse sukulu yanu yogogodayo?"

"Khalani pansi, mayi," anatero. "Kale munalibe wailesi m'galimotomu, ndipo sayireni ikamalira dalaivala samva mawu. Ndiye tinkagogoda khoma ili. Kawiri ndi kuti chepetsani, wodwala akumva kuwawa. Katatu, thamangani. Kamodzi ndiye kuti zimitsani sayireni, palibenso chothamangira."

Ndinakhala pansi, chala chikugunda.

"Tsiku limene munkabereka mwana wanu wamkazi uja, munagona pabedi lomwe mwakhalapoli. Inu simungakumbuke, munali mutakomoka, magazi ali ponseponse. Tili pakati pa njira ndinakugwirani pamkono, osamva kanthu. Pakhosi, osamva kanthu. Ndinagogoda kamodzi."

Anaweramitsa mutu n'kumayang'ana manja awo.

"Sanazimitse. Ndinadikira, ndinagogodanso kamodzi, koma ayi ndithu. Dalaivala amene anali asanandikanirepo chilichonse, tsiku limenelo anakana. Anathamanga sayireni ikulira mpaka inayamba kununkha kupsa, inakathera pachipata cha chipatala. Madokotala anakupezani muli ndi kampweya pang'ono. Ine ndinaisunga kuti ndisadzafulumirenso kugogoda pa munthu wina."

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Nanenso anandiletsa. Anati munthu sauzidwa kuti anafapo."

Amuna anga ndinawapeza kuseri pampopi, akusamba m'manja mosamba kale. Ndinali ndi mawu ambiri, koma otuluka anali akuti, "Bambo, kwatsala mabawuti awiri." Anandiyang'ana chala chija, n'kupukusa mutu.

"Uzigwira sipanala kumapeto, osati pakhosi pake," anatero.

Anakweranso padenga, ine ndinalowa mkati. Pa bawuti yomaliza ndinagogoda katatu, ndipo ndinamva akufulumira.

Musaganize kuti nsanje inatha, inangosintha malo. Ndinkawayang'ana anesi akumwa tiyi wawo wozizira, n'kumati mayi uyu anawaona amuna anga pa tsiku limene anandikonda kuposa masiku onse, ine ndili pomwepo koma osaona kanthu. Zimenezo sindingawalande, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Atalumikiza mawaya, amuna anga anakhala pachiwongolero, ine pampando wam'mbali. Anadina batani. Sayireni inayamba motsitsa, n'kukwera, n'kukwera, mpaka agalu a mzere wonse anayankha ndipo mayi wa nyumba yoyandikana nafe anatuluka sopo ali m'manja. Amuna anga anatambasula dzanja msangamsanga kuti azimitse. Ndinawagwira mkono.

"Isiyeni ilire," ndinatero. "Tsiku lija ine sindinaimve."