Dothi la Ogonja

Achimwene anga a Noboru amati ntchito yanga ndi bodza lopaka utoto. Ine ndimajambula makatuni ku Tokyo, iwo amayendetsa basi ku Saitama, ndipo tikakumana kwa amayi sachedwa kundiyamba.

"Iwe Chiharu, m'makatuni anuwo aliyense amangopambana. Ogonja mumakawataya kuti?"

Ndimadziwa kumene funsoli limachokera. Ali ku sekondale, achimwene ndiwo ankaponya mpira mu timu ya besibo, masewero aja omenya mpira ndi chibonga. Timu yawo inafika ku mpikisano waukulu wa m'chilimwe, umene umachitikira pa bwalo lina lotchuka, n'kugonja pa masewero oyamba. Monga amachitira onse ogonja pa bwalo limenelo, anyamatawo anagwada n'kukokolola dothi ndi manja, kuthira m'matumba a nsapato kuti apite nalo kwawo. Ine ndinali kamtsikana ka ku pulayimale, ndinkaonera ndili kutali pamipando yapamwamba. Dothi la achimwene lilipo mpaka lero m'botolo la khofi pashelefu ya amayi. Ndi lochepa zedi, langophimba pansi pa botolo. Za tsikulo anali asanayankhulepo ndi munthu, ndipo amene wazitchula ankaona msana wawo akutuluka.

Ndiye atandipatsa koyamba mpata wotsogolera katuni yangayanga, sindinavutike kufuna nkhani. Ndinalemba za anyamata a sukulu ya kumudzi amene amalimbikira besibo chaka chonse, kufika pa bwalo lija, n'kugonja. Gawo lomaliza linali loti agwade, akokolole dothi. Ndinawauza achimwene kuti ulendo uno adzaona ogonja pa kanema. Anangoti, "Tidzaona," maso ali pa mbale.

Kampani yathu ndi yaing'ono, ili pamwamba pa shopu yochapa zovala ku Suginami. Kuti katuniyo itheke tinagwirizana ndi kampani ina yakunja imene imaonetsa makatuni pa intaneti ku Ulaya ndi ku Amereka. Magawo oyambirira anayenda bwino. Vuto linayamba ndi gawo lina limene anyamata sasewera n'komwe: amasalaza bwalo, amadya mpunga woumba pansi pa mtengo, nyenje zikulira. Kuno anthu analikonda, ena mpaka kutilembera kuti akumbuka ubwana wawo. Kunjako anati tawatayitsa nthawi, ena n'kumafunsa ngati phokoso la nyenjelo silinali kuwonongeka kwa makina.

Tsiku lina masana a Kuwabara, amene amayendetsa kampani yathu, anandiitana. Ndinapeza atakhala ndi Meredith, mzimayi wa ku kampani yakunja ija. Meredith amayankhula Chijapani chomveka ndipo makatuni amawakonda kuposa ine, ndiye kumuda kunali kovuta, ngakhale ndinayesetsa.

"A Nonomura," anatero Meredith pondiitana ndi dzina la bambo anga, "nkhani yanu ndimaikonda. Koma kwathu anthu ayenda ndi anyamatawa miyezi yonseyi. Akufuna awaone akupambana. Mukawagonjetsa, adzaona ngati mwawalanda chinthu m'manja."

"Timu imodzi yokha ndi imene imapambana," ndinatero. "Ena onse amabwerera akulira. Oonera athu ambiri ali m'gulu la olirawo."

"Kuno inde. Kwathu akaona anyamata akukwawa pansi n'kumatola dothi adzafunsa kuti, kodi ataya chiyani?"

"Muwauze kuti ataya chilimwe chonse."

A Kuwabara anatsokomola. Bambo amenewa akafuna kukupha amayamba akuthirira tiyi. Anandithiriradi, kenako anati kampani yakunja yanenetsa: anyamata apambane, apo ayi mgwirizano uthere pompa. Anatchula anthu amene amajambula m'chipinda chinacho, kuti uyu ali ndi mwana wakhanda, uyu akusamala bambo ake odwala.

"A Nonomura, fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero, n'kuwerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda tebulo. "Pepani. Apambane basi."

Mtima unandiwira moti tiyi uja sindinamukhudze. Ndinatuluka osatsanzika, chinthu chimene amayi akanamva akanandikoka khutu ndi ukulu wangawu. Ndinakadya soba, chakudya chonga supageti, choimirira pa siteshoni, ndikutukwana chamumtima azungu onse ndi a Kuwabara omwe. Chinkandipweteka kwenikweni chinali nkhope ya achimwene. Ndinkawaona kale akundiyang'ana cham'mbali, n'kunena kuti, "Sindinanene?"

Pobwerera ndinadutsa pa sukulu ina. Masewero a besibo anali atangotha. Timu ina inkadumphadumpha, ndipo maso a aliyense anali komweko, anga omwe. Nditatembenuka kuti ndizipita ndi pamene ndinaona enawo, atandanda pafupi ndi mpanda, akulongedza zibonga zawo mwakachetechete. Analipo nthawi yonseyi, kungoti panalibe wowayang'ana. Ndinaima pomwepo ngati chitsiru. Anyamata anga akapambana, ndiye kuti wina wagonja, ndipo winayo ndinali nditamujambula kale.

Mu katuni yathu munali timu ya adani, anyamata ataliatali a sukulu yolemera, ndi woponya mpira wawo wankhope youma amene sankaseka. Oonera akunja ankamuda kwambiri, ankachita kupikisana pomunyoza. Ndinakwera masitepe a ku kampani yathu ndikuthamanga.

Chipambano ndinachijambula ndi mtima wonse, sindinachite mwaulesi. Mpira ukuuluka kudutsa mpanda, malipenga, anyamata kugwerana, mphunzitsi wawo kuvula magalasi. Amene amafuna kukuwa akuwe mpaka mawu athe. Kenako, opambana atayamba kuimba nyimbo ya sukulu yawo, ndinachotsa diso pa iwo n'kulipititsa tsidya lina la bwalo. Nyimbo ikumveka patali. Woponya wankhope youma uja akugwada, akutsegula thumba la nsapato, akukokolola dothi ndi manja onse awiri, chipewa chitabisa maso. Palibe mawu. Katuni ikuthera pamenepo.

Ojambula anzanga ataona anayang'anana. A Kuwabara anagwira pamimba.

"A Nonomura, mukufuna ndife ndisanakalambe?"

"Mwakalamba kale, bwana. Munati apambane, apambana."

Meredith anaonera mpaka kumapeto, manja ali pachibwano. Kenako anaseka pang'ono.

"Mwandizungulira kumbuyo."

"Apambana kapena sanapambane?"

"Apambana. Koma mathero mwapatsa munthu amene aliyense amamuda. Tafupikitsaniko pang'ono."

"Ayi. Chipambano ndakupatsani chonse, sindinadulepo. Ichi n'changa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine osaphethira. Ndinali nditatsimikiza kuti akakana ndisiya ntchito ndikagulitse mpunga woumba pa siteshoni. Pomaliza anapukusa mutu n'kunena kuti mabwana ake akamufunsa adzawauza kuti zimene anapempha zachitika.

Gawolo litatuluka, kunja kuja kunabuka mkangano. Ena anakondwera ndi chipambano, ena anakwiya kuti tawononga chisangalalo ndi kulirira mdani, ena n'kumafunsana kuti dothilo n'lachiyani. Sindinawerenge zambiri. Woonera amene ndinkamudikira anali mmodzi.

Lamlungu masana ndinapita kwa amayi. Achimwene anali atagona chammbali pamphasa, akukupiza ndi nyuzipepala. Ndinayatsa kanema osawafunsa.

"Bodza lanu lija lafika?" anatero.

Anyamata anga atapambana, achimwene anafwenthera ndi mphuno n'kundiyang'ana cham'mbali ndendende mmene ndinkaopera. Nyimbo inapita patali. Woponya uja anagwada. Nyuzipepala inasiya kukupiza, ndipo ndinamva achimwene akudzuka n'kukhala tsonga. Amayi, amene anali ataima pakhomo ndi mbale ya chivwende, anabwerera nayo kukhitchini mwakachetechete.

Gawolo litatha, ndinazimitsa kanema. Panja nyenje zinkalira.

"Walakwitsa," anatero achimwene.

Ndinapsa mtima. "Pati?"

"Manja ake adzaza kwambiri. Woponya sapeza dothi lochuluka choncho." Anayankhula akuyang'ana kanema wozima. "Mpira umene unatigonjetsa ndinaponya ndine. Sindikanatha kugwada pakati pa anzanga, ndiye ndinadikira onse amalize. Pamene ndinkafika, lofewa lonse anali atakokolola. Panatsala pouma. Ndinachita kukanda ndi zikhadabo, mpaka ichi chinang'ambika."

Anakweza chala chachikulu. Chikhadabo chake n'chopindika, ndipo moyo wanga wonse ndinkaganiza kuti anachipana ndi chitseko cha basi. Ndinayang'ana botolo la khofi pashelefu, ndi kadothi kake kongophimba pansi, misozi n'kundituluka. Ndinachita manyazi, koma sindinaipukute.

"Ndidzakonza," ndinatero. "Tikamatulutsanso, ndidzajambula manjawo kachiwiri, a Kuwabara afune asafune."

Achimwene anakoka mphuno, n'kundikankhira rimoti ndi phazi.

"Usanakonze, tabweza pamene akugwada paja, ndionenso."