Zala Ziwiri za Tisiyenji

Chaka chimene dzombe linatera ku Nambuma, Tisiyenji, mayi woumba mbiya, anaterereka kudambo atasenza dongo, n'kugwera pa khasu lake. Khasulo linamutema mkono wamanja, kumunsi pang'ono kwa chigongono. Bala linapola bwinobwino, koma kachala kakumapeto ndi chala choyandikana nako zinangoti zii.

Tsiku lina akuotcha mbiya anakhudza phale lamoto osamva kanthu. Amayi anzake anaona matuza ake kuchitsime.

"Khate limayamba chonchi, eti?" anatero mmodzi monong'ona.

Kuyambira pamenepo palibe anafunanso kumwera chikho chimodzi ndi iye, ndipo mbiya zake zinangokhala pakhonde.

Mwamuna wake, Elifasi, anapita naye kuchipatala cha mishoni. Kumeneko anapeza a Ambrose, bambo wotsuka mabala amene anaphunzira ntchito kwa asisitere. A Ambrose anafunafuna mawanga pakhungu lake, osawapeza. Kenaka anamuuza kuti atsinzine, iwo n'kumamukhudza ndi nthenga ya nkhuku.

"Apa mukumva?"

"Eee."

"Nanga apa?"

"Kodi mwandikhudza?"

Kenaka a Ambrose anagogoda ndi chala pachipsera. Tisiyenji anadzidzimuka.

"Mayo! Ngati nyerere zikuthamangira ku kachala!"

A Ambrose anamwetulira. "Mayi, ili si khate ayi. M'thupi muli mitsempha ina yosayendamo magazi, yoyera ngati ulusi. Imachokera kumsana. Ndiyo imatenga zimene khungu lamva kupita nazo kumutu, ndiyonso imauza chala kuti chipinde. Khasu lija linaphwanya umodzi, koma nyerere zanuzo zikutiuza kuti uli moyo. Udzayanga ngati dzungu, mwezi wathunthu kutalika kwa nsonga ya chala basi. Inu muzisamala moto, ndipo zalazi muziziwongola m'mawa uliwonse kuti zisaume."

Tisiyenji sanaphonye tsiku. Ankapaka zalazo mafuta a nsatsi n'kuziwongola, ndipo pootcha mbiya ankazikulunga ndi kansanza konyowa. Mwezi ukaoneka, Elifasi ankagogoda mkono wa mkazi wake kutsika m'munsi, ndipo pamene nyerere zayambira ankalembapo ndi khala. Mwezi wina malowo sanasunthe, Tisiyenji analira. Koma mwezi wotsatira anatsika ndithu, mpaka anadzafika pachikhatho.

Mvula ya chaka chachiwiri itagwa, Tisiyenji ali mkati mopalira mtedza, china chake chinamuluma koopsa. Atayang'ana anaona linthumbu litakanirira pa kachala kaja. Sanalichotse. Anataya khasu, n'kuthamanga kudumpha mizere dzanja lili m'mwamba.

"Abambo! Abambo inu! Taonani, chikundiluma!"

"Ndiye bwanji osachichotsa?" anafunsa Elifasi.

"Chisiyeni! Chikupweteka, abambo, chikupweteka zedi!"

Anayamba kululuta pomwepo, mpaka anthu a m'minda yoyandikana anasonkhana, ndipo iye anaonetsa aliyense, mmodzimmodzi.

Kachalako kanatsala kopindika pang'ono moyo wake wonse. Koma chilimwe chotsatira Tisiyenji anaumba mtsuko waukulu kuposa yonse imene anaumbapo, wofika m'chiuno mwa munthu, mizere yapakhosi pake atajambula ndi chikhadabo cha kachala komweko. Anausenza yekha mpaka kuchipatala, akukana kuti Elifasi amulandire, ndipo odwala anamwa madzi ozizira a mumtsukowo kwa zaka zambiri.