Matumba a Apongozi Padenga la Galimoto

Vuto linayamba m'mawa, anthu akutsazikana. Dzulo lake a Zelipa a ku Chipangali anali atavundukula chiliza cha malemu amuna awo. Tsopano anatulutsa mphatso za mwana wawo Tamiwe ndi mkamwini wawo Wilbroad: matumba awiri a chimanga ndi limodzi la mtedza. Mlendo sachoka chimanjamanja, ndipo mphatso ya apongozi saibweza.

Galimoto ya Wilbroad inali ya zija zamphamvu zoyenda m'misewu yoipa. Padenga pake panali tenti yopinda, yomangidwa pa kaliyala wachitsulo. Iye ndi Tamiwe anagona momwemo chifukwa m'nyumba munadzaza achibale. Kumbuyo kwa galimoto kunali kodzaza ndi mipando yapulasitiki yobwereka ku mphakati wawo wa tchalitchi ku Kapata.

"Matumba akwere pamwamba pa tenti," anatero Wilbroad, akumasula chingwe.

Mlongo wake Charity, amene anawaperekeza ku mwambowo, anamukokera pambali. Ntchito yake inali yoyendetsa galimoto zotere, kunyamula alendo okaona nyama ku Mfuwe.

"Achimwene, musatero. Denga ili limaloledwa makilogalamu 100 galimoto ikamayenda. Tenti ndi kaliyala zadya kale pafupifupi 80. Inu mukufuna kuwonjezerapo matumba atatu?"

"Tagona awiri pamenepa. Ineyo ndekha ndimaposa thumba ndi theka. Denga lagwa?"

"Galimoto inali chiimire, komanso makwerero a tentiyo amathandiza kuchirikiza. Mayi wosenza ndowa yodzaza akhoza kuima n'kumacheza bwinobwino. Tamuuzani athamange m'mizere ya munda muone. Katundu akalemera pamwamba, galimoto imapendekeka msanga, ndipo pabampu paliponse zitsulo zimamenyedwa koposa kulemera kwa katunduyo."

"Ndiye nditani, aphunzitsi?"

"Tsitsani mipando. Matumba alowe m'kati, pansi. Mipando idzabwera ndi lole ya thonje."

"Mipando ya mphakati ikwere lole, ikafike yothyoka? Mawa kuli mapemphero. Ndikawauza chiyani anthu?"

"Ndiye siyani chimanga, mudzatenge ulendo wina."

Wilbroad anayang'ana pakhonde. A Zelipa anakhala pamphasa, akuyang'ana kumbali monga amachitira apongozi. Tamiwe anayandikira Charity n'kunong'ona kuti, "Alamu, chonde musatichititse manyazi. Amayi alima okha chimangachi chaka chino."

"Manyazi," anatero Charity, akupukusa mutu. "Manyazi ali ndi matayala angati?"

Matumba anakwezedwa, chingwe chinamangidwa, ndipo galimoto inaoneka ngati yasenza nkhokwe. A Zelipa, amene sanamve mkanganowo, anaika kampukutu ka mtedza wokazinga m'dzanja la Charity. "Wapanjira, mwanangu. Ndaona kuti simunadye bwino." Charity anathokoza, analowa kumpando wakumbuyo, nachita chizindikiro cha mtanda.

Atangochoka, denga linayamba kulira. Pokhota paliponse galimoto inkaweramira mbali imodzi n'kuchedwa kubwerera.

"Mukumva, achimwene?"

"Ndi chingwe chabe."

"Chingwe chinayamba liti kulira ngati chitsulo? Chepetsani liwiro."

"Charity, kuntchito kwako ndiwe dalaivala. Muno ndiwe mlendo."

Kunsi kwa mudzi, pafupi ndi madimba, msewu umatsetserekera pakamtsinje kouma, ndipo mbali imodzi inakokoloka ndi mvula. Charity anapempha kuti iye ndi Tamiwe atsike kaye. Wilbroad anati popita anadutsa pomwepo popanda vuto. Anaiwala kuti popita pamwamba panali tenti yokha.

Tayala lakutsogolo litalowa m'chigwembe, galimoto inapendekeka. Matayala a mbali ina anasiya nthaka. Tamiwe anamenyetsa mutu pagalasi n'kuitana dzina la Yesu. Kenaka kunamveka phokoso lalikulu: miyendo iwiri ya kaliyala inathyoka, chingwe chinaduka, matumba anagwera kumchenga. Apo m'pamene galimoto inabwerera pa matayala ake onse.

Onse anatsika. Tamiwe anali ndi bala pachipumi. Tenti inalendewera m'mbali, yopindika, ndipo thumba la mtedza linali litaphulika. Charity anatsuka balalo ndi madzi akumwa n'kulimanga ndi mpango wake.

"Kaliyala akanalimba, bwenzi tili chagada," anatero, osayang'ana mchimwene wake. "Tithokoze Mulungu kuti wathyoka."

Wilbroad anakhala pamwala. Amayi amene ankathirira m'madimba anabwera osaitanidwa. Sanafunse zambiri. Anagwada mumchenga n'kuyamba kutola mtedza umodziumodzi, kuuika m'zitenje zawo, ndi kuuthira m'thumba lina limene mmodzi wa iwo anakatenga kudimba.

Uthenga unafika kumudzi, ndipo a Zelipa anatulukira wapansi, akupuma movutika. Anadutsa matumba osawayang'ana. Anagwira nkhope ya Tamiwe ndi manja awiri n'kuyang'anitsitsa mpango wamagaziwo. Wilbroad ananjuta patali, chipewa chili m'manja.

"Amayi, ndinaopa kusiya mphatso yanu."

A Zelipa sanali munthu woyankhula ndi mkamwini maso ndi maso, choncho anayankha akuyang'ana mchenga.

"Chimanga chikanakudikirani, bambo. M'nkhokwe mwanga sichithawa. Dzulo ndavundukula chiliza chimodzi. Chandikwana."

Wilbroad anadzuka, natsegula chitseko chakumbuyo, nayamba kutsitsa mipando ya mphakati kuti matumba alowe m'kati. Atamaliza anatenga makiyi n'kupatsa Charity.

Phunziro: Denga la galimoto lili ndi malire a katundu, ndipo malire a poyenda ndi ochepa kwambiri kuposa a poima. Tenti imene munagonamo bwinobwino si umboni woti mungasanjikepo matumba. Onani malirewo m'buku la galimoto ndi la kaliyala, tsatani ochepawo, ndipo muchotserepo kulemera kwa tenti ndi kaliyala yemwe. Zolemera ziikeni m'kati, pansi. Zimene sizikukwana zisiyeni mwaulemu. Wokupatsani mphatso amafuna mukafike ndi moyo kuti mukaidye.